Ndowa Ziwiri za Hanora Mulqueen

Kwathu ku Kilbrennock aliyense ankadziwa, ngakhale aja onamizira kuti sakhulupirira, kuti munthu woikidwa m'manda pomalizira sagona. Iyeyo ndiye amatungira madzi akufa anzake onse mpaka kudzabwere maliro ena odzamulandira ndowa. Akufa amamva ludzu koopsa, makamaka aja akupsa ku purigatoriyo, ndipo a kwathu oterowo ndi ambiri. Wansembe wathu ankazikalipira zimenezi paguwa chaka ndi chaka, ati n'zachikunja, ife n'kumagwedeza mitu mwaulemu. Koma potuluka m'tchalitchi aliyense ankadziwabe mumtima kuti wotunga panopa ndi uje.

Mayi ake a Sabina Mulqueen, a Hanora, anamwalira Lachiwiri m'mawa. Mayi amenewa anatungira madzi nyumba za mumsewu waukulu zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ndowa ziwiri, mkombero wachitsulo pakati kuti ndowazo zisamamenye miyendo, iwo n'kumayenda m'kati mwa mkomberowo kuchokera pamjigo kupita kumakomo akuseri a anthu olemera, kubwerera, kupitanso. Kugwe chisanu, kugwe mvula, phazi lili pansi. Nsapato anali nazo, koma zinali za ku Misa. Pofika chaka chomwalira msana unali utapindika moti iwo ankamuzindikira munthu poona mapazi ake okha. Mawu awo omaliza kwa mwana wawo anali akuti, "Sabina, ine ndikagone. Aliyense asakandidzutse."

Tsiku lomwelo madzulo belu la tchalitchi linaliranso. Wafa ndani? Cornelius Devane, mwini sitolo ya nsalu ndi bala ya pakona, wagwa pampando atakhuta nyama yankhosa. Koma abale inu, munthu ameneyu analephera kudikira ngakhale sabata imodzi? Akanafa sabata yotsatira bwenzi zonse zili bwino: a Hanora akanatunga masiku ochepa, iye n'kudzawalandira ndowa. Koma ayi, anafera tsiku lomwelo, maliro onse awiri n'kugwera Lachinayi limodzi.

Mwa nyumba zonse za mumsewu uja, ya Devane ndiyo inawathyola msana a Hanora. Maulendo khumi ndi awiri patsiku, tsiku lochapa makumi awiri. Zaka zonsezo bamboyo sanavutikeko kuphunzira dzina lawo. Ankangoti, "Iwe Ndowa, m'khichini mwatha madzi!" A Hanora akafika kunyumba madzulo ankaviika mapazi m'beseni n'kumaseka okha. "Cornelius ameneyu ndinamuona akulowa m'tauni muno wopanda nsapato ngati ine, akuchokera kumapiri a ku Glenbrack, mamina ali chuchuchu. Lero akuti ndine Ndowa." Iwo ankaseka, Sabina ankapsa mtima.

Mkazi wa Devane anagona kale m'manda a m'tauni mwathu, m'kanyumba kamiyala ka chitseko chachitsulo, ndipo tonse tinkadziwa kuti m'menemo muli malo odikira mwamuna wake. Kwa iye kunalibe zokumba. Kungotsegula chitseko, kulowetsa, kutseka, basi walowa. Sabina ankangoganiza chimodzi: Devane akayamba kulowa, mayi ake adzamutungiranso, m'manda momwe.

Lachinayi Sabina analawirira kunyumba ya ansembe. Bambo Considine anamulandirira pakhomo, chopukutira pakamwa chili m'manja, fungo la nyama yankhumba yokazinga likutuluka kumbuyo kwawo.

"Bambo, mayi anga ndiwo anayamba kumwalira. Ayambenso ndiwo kulowa."

"Kulowa kuti, mwana wanga?"

"Mukudziwa, Bambo."

Wansembeyo anausa moyo. "Zayambikanso za madzi zija? Ndikuuzeni kangati anthu inu? Akufa samwa madzi. Tamvera. Misa ya a Devane ndi ya teni koloko. Inu mudikire belu lawo lithe, gulu lawo lidutse, kenako mutuluke. Sindikufuna maliro awiri kugundana pamsika ngati ng'ombe. Ine ndikhala ndi a Devane tsiku lonse, choncho tenga ichi." Anamupatsa kapepala kokulungamo dothi lodalitsa, loti akaponye m'dzenje m'malo mwa iwo.

Sabina anakayang'ana kapepalako. Mayi ake anatungira nyumba yomweyi Loweruka lililonse, ati ntchito ya Mulungu, lero zikomo wake ndi dothi la m'pepala ngati fodya.

"Tsiku lonse," anatero. "Munthu mmodzi tsiku lonse. Machimo ake achuluka chotero?"

"Samala pakamwa pako, Sabina. Ndipo za a Devanezo zisakudetse nkhawa, chifukwa mwana wawo wafika dzulo pa sitima, ndiye..."

"Zisandidetse nkhawa! Inu chibadwire munanyamulapo ndowa imodzi, Bambo?"

Sanadikire yankho. Anatembenuka, geti n'kulimenyetsa kuti phwa! Anamva akumuitana kawiri konse koma sanacheuke. Maganizo ake anali atakhazikika: atuluke ndi maliro nthawi yomweyo, Misa ili m'kati, pofika belu akhale atakwirira kale.

Atafika kwawo ku Kanjira ka Zikopa anapeza mayi ake akadali gone pabedi. Bokosi kulibe. Mmisiri wa matabwa anali atasiya la a Hanora pambali n'kumapukuta la Devane, la mtengo wolimba, la zogwirira zonyezimira. Sabina anatuma uthenga, anatumanso, kachitatu anapita yekha n'kukaima pakhomo la mmisiriyo akumutchula mayina amene sindingabwereze pano. Bokosi linafika pawilibala, matabwa oyera osapala bwino. Analiika pamipando iwiri panja, anagonekamo mayiwo, ndipo msomali womaliza ukulowa, belu la tchalitchi linayamba kulira. Misa yatha. Devane akutuluka.

Onyamula anali anayi, onse a dzina la Mulqueen monga mwa mwambo: mchimwene wake Malachy, chimunthu chachikulu chophwanya miyala koma chofatsa ngati nkhosa, ndi asuweni atatu. Sabina anawaloza kumunsi, kumjigo.

"Tidzera uku."

Amene anayankha ndi mayi Gobnait Tuohy, nkhalamba ya khomo loyandikana, amene anasambitsa mtembo ndi manja awo.

"Wati chiyani? Njira yachidule? Iwe Sabina, mayi ako ndi galu?"

Paja maliro kwathu amayenda njira yaitali. Amakwera msewu waukulu, kuzungulira mtanda wamwala wa pamsika, kutsikira kumlatho, n'kukwera chitunda cha kumanda. Kumeneko ndiko kutsanzika. Masitolo amatseka mazenera, amuna amavula zipewa, ngakhale wakufayo akhale wopemphetsa. Kudula njira ndi kumuuza womwalira kuti watitopetsa, tikufuna tikutaye msanga. Chikhalire Kilbrennock, palibe Mkhristu amene anadzera kumjigo ali m'bokosi.

"Mlongo wanga," anatero Malachy motsitsa mawu, chipewa akuchipotokola m'manja, "amayi moyo wawo wonse alowera kuseri. Tsiku lokhalo loti adutse kumaso kwa nyumba zija ndi lero. Usawalande."

"Adutse kumaso ola limodzi, pambuyo pa akavalo a Devane, akuponda ndowe zawo, kenako akamutungire mpaka liti? Kukuyamba kufunda, Malachy, ndipo kukafunda anthu m'tauni muno safa. Wotsatira akhoza kudzabwera Novembala, chisanu chikabwerera. Iwe sunalipo pamene ankatsirizika, ndinalipo ndine. Anati akagone! Ukufuna akangofika amve 'Iwe Ndowa'?"

"Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ati? Anthu omwe anawamwera madzi zaka makumi anayi? Nyamulani, amuna inu, apo ayi ndilikoka ndekha bokosili!"

Malachy anayang'ana asuweni aja, asuweni anayang'ana pansi. Belu linali likulirabe. Anawerama, ananyamula. Mayi Gobnait anagwetsa mipando ija ndi phazi, monga timachitira maliro akanyamuka, akulira mokweza: "Hanora mnzanga, tikhululukire, si ife!"

Sikunali kuyenda kuja, kunali kuthamanga. Sabina patsogolo, chofunda chakuda chitagwera m'khosi, tsitsi lili nyankhalala, akukuwa kuti fulumirani. Anthu a m'kanjira, makumi awiri kapena atatu, ankatsatira m'mbuyo ali wefuwefu, ena kolona ili m'manja osadziwa kuti afika pati. Pamjigo panali amayi atatu akutunga. Ataona bokosi anatula ndowa, anachita chizindikiro cha mtanda, mmodzi n'kudziphimba kumaso ndi epuloni. Sabina anaona zimenezo ndipo zinamubaya, koma sanaime.

Analowa m'bwalo la ofufuta zikopa. Fungo lake, abale, la zikopa zowola ndi madzi a laimu, moti agalu okha ndiwo amapirira. Msuweni mmodzi anaterereka n'kugwada m'chithaphwi, bokosi linapendekeka, Malachy analigwira ndi phewa. Kuseri kwa bwalolo kuli mpanda wamiyala wofika m'chiuno. Anakweza bokosi, analitsetsereza pamwamba pa miyala, ndipo potsikira mbali inayo linaima chamutu. M'kati munamveka kuti gu! Onse anamva. Malachy anayang'ana mlongo wake, misozi ili mbwembwembwe.

"Tiyeni!" anatero Sabina. "Amayi akapumula kutsogoloku. Tiyeni!"

Anatulukira pageti la manda thukuta lili kamukamu. Thady Hehir, mkulu woyang'anira mandawo, anali atakhala pamwala akusuta kaliwo. Atawaona akutulukira kuzikopa, kaliwo anagwa pakamwa. Sabina anakankha geti yekha. Kumunsi, pamlatho, kunali kutaoneka kale akavalo anayi akuda a nthenga kumutu, akukoka ngolo yamagalasi, khamu la zipewa zazitali lili pambuyo.

Adzukulu anali atamaliza kukumba. Panalibe nyimbo, panalibe pemphero lomveka. Zingwe, kutsitsa, bokosi n'kukhala pansi mopendekeka pang'ono, palibe amene analiwongola. Sabina anang'amba kapepala kaja, anawaza dothi la wansembe, analanda fosholo m'manja mwa mdzukulu n'kuponya yekha dothi loyamba. Linagwa pamatabwa kuti phu. Basi, alowa. A Hanora Mulqueen alowa poyamba.

Chimwemwe chimene chinamugwira Sabina chinali choipa, chotentha ngati malungo. Anasiya amuna akukwirira, anathamangira pageti, anaima pakatikati manja ali m'chiuno, matope a kuzikopa ali mpaka m'maondo. Ngolo ija inali ikukwera chitunda pang'onopang'ono.

"Bwerani naye!" anakuwa. "Bwerani naye bwanayo, ndowa zikumudikira! Wachedwa, Cornelius! Maulendo khumi ndi awiri patsiku, tsiku lochapa makumi awiri! Ndipo uzilowera kuseri, wamva? Ukawaona mayi anga uziti a Mulqueen!"

Amuna a zipewa zazitali anayang'ana kumbali ngati sakumva. Woyendetsa ngolo sanakoke zingwe. Akavalo anafika pageti, sanakhote. Anadutsa. Ngolo yamagalasi inadutsa, bokosi lonyezimira lili m'kati, maluwa ali pamwamba. Ngolo ya mwana wa Devane inadutsa. Ya Bambo Considine inadutsa, wansembeyo anamuyang'ana Sabina, anayang'ana matope a m'miyendo mwake, anapukusa mutu. Oyenda pansi anaima pamphambano, anavala zipewa zawo n'kuyamba kubwerera kutauni, koma ngolo zonse zinapitirira, kulowera msewu wa kumapiri.

Sabina anatembenukira kwa Thady.

"Akupita naye kuti?"

"Kwawo," anatero Thady Hehir, akutola kaliwo wake. "Ku Glenbrack, kwa makolo ake. Mwana wake wabwera ndi kalata yolemba mwini wake. Kanyumba kamiyalako ndi ka kwa mkazi wake, mwanawe. Mwamuna amakagona ndi anthu a dzina lake, iwenso ukudziwa. Ine anandiuza dzulo kuti ndisatsegule chitseko. Bambo mfumu sanakuuze?"

Anamuuza. Anali akumuuza, pakhomo paja, chopukutira chili m'manja. Tsiku lonse, anatero, chifukwa ku Glenbrack ndi kutali. Ndipo mayi ake omwe ananena kambirimbiri, mapazi ali m'beseni, kuti Cornelius si wa kuno. Zaka makumi asanu za sitolo ndi dzina lolembedwa ndi utoto wagolide pamwamba pa khomo zinatiiwalitsa tonse.

Kumanda kuja mafosholo anaima. Aliyense anali atawerenga kale mumtima: Devane salowa muno, ndiye womaliza ndi a Hanora omwe aja, ngakhale akanayenda njira yaitali, ngakhale akanazungulira mtanda katatu. Mayi Gobnait anafika pageti akutsimphina, mpweya utawathera, anamuyang'ana Sabina kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye wawathamangitsa mayi ako m'zikopa zowola," anatero, "kuti afulumire kukayamba ntchito."

Palibe amene anaseka. Malachy anakhala pansi pamanda a munthu wina n'kubisa nkhope m'chipewa.

Sabina sanalire. Mkwiyo unamudzaza, wosowa poutula. Anakwiyira Devane, amene ngakhale atafa wazemba ndowa. Anakwiyira wansembe wolankhula mozungulira, mmisiri wa matabwa, Thady ndi kaliwo wake, akufa onse a m'mandamo ogona chagada kudikira nkhalamba yopindika msana iwabweretsere madzi. Koma woyamba pamndandandawo anali iye mwini, ndipo ankadziwa. Anadutsa pakati pa anthu, anatsika chitunda yekha.

Kunyumba mipando ija inali ikadali chigwere panja. Kuseri kwa chitseko kunali ndowa ziwiri ndi mkombero, zogwirira zake zitasalala ndi manja a mayi ake. Anavula nsapato n'kuziponya pakona. Analowa mumkombero, ananyamula ndowa, anapita pamjigo. Amayi aja anamupatukira. Anapopa mpaka ndowa zonse zinasefukira.

Sanadzere kuzikopa. Anakwera msewu waukulu, pakatikati penipeni pamene pamayenda ngolo, madzi akukhavukira m'mapazi. Masitolo anali atatsegula kale mazenera, poti bwana wadutsa. Amuna obwerera kumaliro anali ataunjikana pamakomo a mabala, matambula ali m'manja.

"Vulani zipewa!" anakuwa Sabina. "Akudutsa Hanora Mulqueen! Munawamwera madzi nonsenu, munasamba, munachapira ana anu matewera! Iwe wa mankhwala, tseka zenera! Iwe wa buledi, ukuyang'ana chiyani? Vula chipewacho!"

Wa buledi anavula. Wina anatsatira, kenaka wina. Pasitolo ya Devane wantchito wamkazi anatuluka n'kukoka chotsekera zenera chimodzi, mwina mwamantha, mwina ayi. Ena anangoseka chamumtima n'kulowa m'bala. Sabina anazungulira mtanda wamwala pang'onopang'ono, zogwirira zikumudula zala, mapewa akuyaka moto. Ulendo umodzi wokha, ndipo anali atatopa kale chonchi.

Pamlatho anakumana ndi Malachy akuchokera kumanda. Mchimwene wakeyo anaona ndowa, anaona mapazi, anamvetsa. Anatambasula dzanja kuti alandire imodzi.

"Siya."

"Sabina, uzichita zimenezi mpaka liti?"

Anacheuka n'kuyang'ana tauni yonse, mazenera a m'mwamba a mumsewu waukulu, makatani oyera, ndi nkhope zimene zinkasuzumira kuseri kwake.

"Mpaka mmodzi wa awa afe."

Ndipo monga ananenera yekha, kunafunda, anthu osafa. Masabata khumi ndi asanu ndi anayi, m'mawa uliwonse, mvula kaya dzuwa, tinkamuona akukwera msewu waukulu mumkombero muja, akuyang'anitsitsa zenera lililonse lomwe munali nkhalamba kapena wodwala. Makatani ankatsekedwa akamayandikira. Bambo Considine anamulalikira paguwa kawiri, iye ali pabenchi lakutsogolo maso ali gwa. Akafika kumanda ankakhuthula ndowa yoyamba pakati pa mitanda mwaukali, ngati akuthirira nkhumba.

"Imwani, alesi inu! Wofuna ena adzuke akatunge yekha!"

Yachiwiri ankaithira pang'onopang'ono pambali pa mulu wa dothi wa manda a mayi ake, kuti isakokolole. Kenako ankagwada, n'kusalaza dothilo ndi dzanja lotupa, mawu atatsika ngati m'nyumba muli wodwala.

"Musadzuke, amayi. Ndatunga kale ine."